Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Anamwino Omaliza Maphunziro ku Ndola

Wapampando wa mwambo uno, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Copperbelt, aphunzitsi a sukulu ino, makolo amene mwalawirira kuchokera ku Chifubu, Masala ndi Kabushi, ena mpaka ku Chimwemwe ndi Wusakile ku Kitwe, ndi inu ana anga amene mwavala zoyera lero: ndakupatsani moni nonse.

Makolo, ndikuthokozeni poyamba. Fizi ya ana awa inachokera m'matomato a pamsika ndi m'thukuta la pansi pa mgodi. Nthungululu za lero ndi zanu.

Ana anga, ine ndabwera ndi nkhani ya pepala lija limakhala pa bedi la wodwala, limene mumalembapo kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi mankhwala amene mwapereka. Ndikudziwa mmene limatopetsera. Pakati pa usiku, wodi yadzaza, anamwino muli awiri okha, ndiye mtima umanong'oneza kuti ndilemba kukacha. Ena amafika polemba nambala imene sanayeze, kungoti mzere usaoneke wopanda kanthu. Ameneyo wanamiza mnzake wolowa shifiti ya m'mawa, wanamizanso dokotala, ndipo wolipira bodzalo ndi wodwala amene sakudziwa n'komwe.

Bungwe la World Health Organization limati mwa odwala 10 aliwonse, mmodzi amavulazidwa ndi chisamaliro chomwe anabwerera kuchipatala. N'chifukwa chake kuyambira mu 2019 dziko lonse limakumbukira chitetezo cha odwala pa 17 September. Kuvulalako nthawi zambiri sikuchokera kwa anthu oipa mtima. Kumachokera kwa namwino wabwino amene watopa. Pa wodi pali a Banda awiri, a Mulenga atatu, jakisoni n'kupita kwa wolakwika. Mlingo wa munthu wamkulu n'kuperekedwa kwa mwana chifukwa sanamuike pa sikelo. Agogo amene sanatembenuzidwe usiku wonse n'kutuluka zilonda kumsana. Manja osasamba n'kunyamula matenda kuchoka pa bedi ili kupita pa lina. Mufunseni wodwala dzina lake, alitchule yekha, ngakhale mwamuona sabata yonse. Ndipo ngati zimene dokotala walemba sizikuwerengeka, kapena mlingo ukukukayikitsani, funsani. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma m'chipatala phulalo amadya ndi wodwala. Kwa inu ma sister ndi madokotala muli pano, pempho langa n'lakuti namwino wamng'ono akakufunsani, kapena akabwera kudzaulula kuti walakwitsa, musamukalipire pamaso pa anthu. Mukatero mawa adzabisa.

Tsopano kumbukirani kumene mukukagwira ntchito. Chigawo chino chimadya za pansi pa nthaka, ndipo nthakayo imatenganso zake. Pa 25 September 1970 matope anakhamukira mu mgodi wa Mufulira, amuna 89 n'kutsalira komweko. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsira miyala inaphulika ku Chambishi, anthu oposa 40 anafa. Mu June 2018 mbali ya Black Mountain ku Kitwe inagumukira anyamata okumba. Kumapeto kwa 2023 mvula inatsekera anthu m'maenje a Sensele ku Chingola. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, mipopi ya ku Kitwe n'kutsekedwa. Onjezani ngozi za mabasi pa msewu wa Ndola ndi Kitwe, ndi kolera uja anayamba mu October 2023, amene anapha anthu oposa 700 m'dziko muno mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala.

Tsiku lotero ovulala safika mmodzimmodzi pa ambulansi. Amafika atasanjikizana kumbuyo kwa lole, achibale akulira pambuyo. Akuluakulu a DMMU, ofesi yoona za ngozi zadzidzidzi, adzafika, koma ola loyamba ndi lanu. Ntchito yanu pa khomo ndi kusankha ovulala ndi kuwaika zizindikiro: wofiira alowe pompano, wachikasu adikire pang'ono, wobiriwira akhale pa benchi. Apa m'pamene mtima wa chifundo umasokeretsa. Amene akukuwa kwambiri ndiye akupuma bwino. Yang'anani uyo wangoti zii pakona, milomo yatuwa. Ndipo aliyense, ngakhale wosadziwika dzina, mumupatse nambala, mulembe nthawi imene wafika ndi chimene mwamupatsa. Popanda zimenezo munthu mmodzi alandira mankhwala opha ululu kawiri, wina osalandira, ndipo mayi adzazungulira zipatala zitatu kufunafuna mwana wake amene wagona pa wodi yanu. Dzanja limene silinazolowere kulemba tsiku la mtendere silidzayambira pa tsiku la mavuto.

Ambiri mwa inu phunziro la kafukufuku munangolipirira kuti mukhoze mayeso. Ndikuuzeni za anzathu a ku Malawi. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ana ankaima pa mzere monga anafikira, ndipo ena ankafera pa mzere pomwepo kapena atangogonekedwa. Professor Elizabeth Molyneux ndi anamwino ake anasintha kalandiridwe ka ana: namwino ayambe wayang'ana mwana aliyense pa khomo, wodwalitsitsa apite patsogolo. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 aliwonse kufika pakati pa 6 ndi 8. Sanagule makina odula. Koma akanadziwa bwanji kuti njirayo ikuthandiza, akanapanda kuwerenga ana amene ankafa kale ndi amene ankafa pambuyo pake? Manambalawo anachokera m'makaundula olembedwa ndi anthu ngati inu. Lero njira imeneyi, ya ETAT, ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri, ndipo ndi yomwe ikufunika pa khomo la chipatala cha ana cha Arthur Davison.

Simukusowa kopita. Bungwe la kafukufuku limene linayamba m'ma 1970 ndi dzina la Tropical Diseases Research Centre lili muno mu Ndola, sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ilinso pompano. Yambani ndi funso laling'ono la pa wodi yanu. Mabala a opaleshoni angati achita mafinya mwezi uno? Achuluka masiku amene madzi anasowa? Werengani, yerekezerani, kagogodeni pa zitseko zimenezo. Koma musaiwale kuti wodwala si mbewu ya m'munda woyeserera. Mumufotokozere m'chilankhulo chimene amamva, Chibemba, Chilamba kapena Chinyanja, avomere yekha, ndipo akakana chisamaliro chake chisachepe. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chitengedwe musanafunse munthu funso loyamba.

Kwa akuluakulu a zipatala, ndikusiyirani pempho limodzi. Mvula isanayambe chaka chino, chitani zoyeserera za tsiku la ngozi, ndipo muzichite usiku, pamene ogwira ntchito ali ochepa ndipo wosunga makiyi a kosungira mankhwala ali kunyumba. Ana awa muwaike pa khomo, muone chimene chisowe.

Wapampando, ndaona makolo ayamba kale kukonza mafoni kuti ajambule. Itanani mayina, ana athu alandire masatifiketi awo.