DZIKO LIRI KUTENTHA: MAU KWA ALIMI



Nkhani imene ndadza nayo lero si yacilendo kwa inu, pakuti munayamba kuiona m'minda mwanu ife a m'maofesi tisanaiwerenge m'mabuku. Akulu a kuno Kum'mawa akumbukira kuti kale mvula ya cizimalupsa inali kugwa mu October, ndipo pofika pakati pa November munthu anali atabzala kale. Masiku ano caka cina mvula ifika mu December. Caka cina igwa yamphamvu masiku atatu nikokolola mizere, kenaka ileka masabata anai cimanga ciri pafupi kumasula. Anthu afunsana kuti calakwika nciani. Ena aloza cala nkhalamba ya m'mudzi, nati yamanga mvula. Ndikupemphani, nkhalambayo ilekeni. Cimene casintha ndico mpweya wozinga dziko lonse lapansi, ndipo mlandu wace unayambira kutali ndi mudzi wanu.

MPWEYA UMENE UGWIRA KUTENTHA

Dzuwa likawala, nthaka ndi madzi zitentha, ndipo kutenthako kubwerera kumwamba. Koma mu mpweya muli mitundu ina imene igwira kutenthako kuti kusathawe konse, monga bulangeti ligwira kutentha kwa thupi usiku wa mu June. Umodzi mwa mitunduyi ndiwo carbon dioxide, umene uturuka ponse pamene cinthu cipsa: nkhuni, makala, malasha a pansi pa nthaka, petulo ndi dizilo. Wina ndiwo methane, woturuka m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga yodzala madzi ndi m'migodi. Bulangeti limeneli si loipa ai. Likadapanda kukhalapo dziko likadazizira kotero kuti sitikadatha kulima. Bvuto ndi lakuti anthu alionjezera kukhuthala.

Asanayambe mafakitale a ku Ulaya, zaka zoposa 200 zapitazo, pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, magawo 280 okha ndiwo anali a carbon dioxide. M'caka ca 1958, pamene Charles Keeling anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, anapeza magawo 315. Lero apitirira 420. Wina anganene kuti pa miliyoni zimenezi nzocepa. Afunse amai ace za mcere: wocepa ndithu poyerekeza ndi ndiwo za mumphika, koma mukaonjezera theka lina pamwamba pa muyeso wace, banja lonse lidziwa.

Cotsatira cace ndi ici. Dziko lonse latentha kuposa digiri imodzi poyerekeza ndi zaka za m'ma 1800, ndipo caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwace kuyambira pamene anthu anayamba kulemba miyeso. Kuno ku Zambia kutentha kwakwera kuposa digiri imodzi kuyambira 1960. Digiri imodzi imveka yaing'ono, koma mai amene anapitapo ndi mwana kucipatala adziwa kusiyana kwa 37 ndi 38.

Kodi utsi wonsewu ngwa yani? Ndiyenera kunena zoona pano, cifukwa pali ena amene akamba ngati mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza ndiye waononga dziko. Africa yense aturutsa magawo osapitirira anai pa 100 a carbon dioxide wocokera ku malasha ndi mafuta. Dziko la China ndilo lituruka ndi utsi wambiri masiku ano, ndipo tikawerenga kuyambira kale, la America ndilo liri patsogolo. Tsono anadya nyama ndi ena, koma msuzi watayikira pa zobvala zathu.

ZIMENE TAONA NDI MASO

Mpweya wotentha umwa madzi ambiri. Uumitsa nthaka msanga, uphwetsa madambo ndi zitsime nthawi isanakwane; ndipo madzi onse amene watengawo, tsiku limene uwabweza, uwabweza nthawi imodzi. Ndico cifukwa cace cilala ndi cigumula ziyendera pamodzi ngati mapasa. Abale athu a ku Mozambique anaona namondwe wa Idai akuphwasula mzinda wa Beira mu March 2019, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazana ambiri kumwera kwa Malawi, matope ndi miyala zitatsika m'mapiri ndi kukwirira nyumba.

Ife cathu cinali cilala. Amene ali ndi zaka akumbukira 1992 ndi nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Ana a lero adzakumbukira 2024. Mvula inaleka mu January ndi February, nthawi imene cimanga cifuna madzi koposa, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anauma.

Pano ndifuna mundimvetse bwino. Si cilala ciri conse cimene cibadwa ndi kutentha kwa dziko. Ca 1992 ndi ca 2024 zinadza ndi cimene akatswiri acicha El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a nyanja yaikuru ya Pacific, kumene kubwera pakapita zaka zingapo ndi kucepetsa mvula kumwera kwa Africa. Makolo athu anakumana nako osadziwa dzina lace. Cimene casintha ndi cakuti tsopano El Niño apeza dziko lotentha kale, ndipo munda umene kale ukadapirira masabata atatu opanda mvula ufota msanga.

Taonaninso m'mene bvuto limodzi libalira linzace. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959, ndilo gwero lalikuru la magetsi athu. Madzi atacepa mu 2024, magetsi anali kuzima maora oposa 20 pa tsiku m'malo ambiri. Zigayo zinaima. Anthu a m'matauni, posowa pophikira, anathamangira makala. Mtengo wa thumba unakwera. Ndipo mlimi amene cimanga cace cinauma anatenga nkhwangwa nalowa m'thengo, cifukwa ana ayenera kudya. Ine sindimuweruza munthu ameneyo. Koma mitengo imene inagwa caka cimeneco ndiyo inali kugwira madzi a m'mitsinje yathu. Ciwerengero cimene Boma lakhala likuchula ndi cakuti dziko lathu litaya nkhalango mahekitala 250,000 kufikira 300,000 caka ndi caka. Pamenepa ndi pamene mlandu utikhudza ifenso.

MAPANGANO A MAIKO

Maiko akhala pansi kambiri. Anayamba ku Rio de Janeiro mu 1992, napangana ku Kyoto mu 1997, ndipo ku Paris mu 2015 pafupifupi maiko onse, ndi Zambia yemwe, anagwirizana kuti kutentha kusafike madigiri awiri, ndi kuyesetsa kuti kuime pa digiri imodzi ndi theka. Mu 2009 maiko olemera analonjeza madola mabiliyoni 100 pa caka kuthandiza maiko osauka pofika 2020. Ndalamazo zinakwana mocedwa, mu 2022. Caka comweco ku Sharm el-Sheikh anabvomera kukhazikitsa thumba lothandiza maiko amene aonongekeratu zinthu. Dziko la America linaturuka m'pangano la Paris mu 2020, linabwerera mu 2021, ndipo mu January 2025 linalengezanso kuti licoka. Pali ndi zokondweretsa: magetsi a dzuwa achipa kwambiri, ndipo ku Chisamba kunatsegulidwa malo opangira magetsi otere mu 2025. Koma ngakhale mafakitale onse akadazima moto mawa, utsi umene uli kale m'mwamba ukhalabe zaka mazana. Mlimi amene ayembekeza misonkhano imeneyi kuti imbwezere mvula ya kale adzayembekeza nkhokwe iri gwa.

CIMENE CIRI M'MANJA MWANU

Kucuruka kwa mvula simungakulamulire, koma kumene dontho lipita litagwa m'munda mwanu, kumeneko muli ndi mau. Nchito yonse ya mlimi wa masiku ano ndiyo kulisunga donthoro.

Yambani ndi mapesi. Munthu woocha mapesi ndi udzu pofuna mbewa asinthanitsa cofunda ca munda wace ndi ndiwo za tsiku limodzi. Mapesi ogonekedwa pansi achinga dzuwa, aletsa madzi kuthamanga, ndipo akaola asanduka cakudya ca mbeu. Citani mayeso nokha: pakapita sabata osagwa mvula, pisani dzanja pansi pa mapesi, kenaka pa nthaka ya mbee, mudzandiuze.

Kenaka maenje a gamphani, amene ambiri a inu muwadziwa. Dzenje likhale lotalika masentimita 30, m'lifupi 15, kuya 20, kuti libowole cikwakwa colimba cimene khasu ndi pulawo zasiya pansi zaka zonsezi. Pakati pa maenje pakhale masentimita 70, pakati pa mizere 90. Nchitoyi njowawa caka coyamba, sindikubisirani, ndipo udzu ubvuta. Cifukwa cace iyambeni mutangokolola, nthaka isanaume gwa, ndi kukumba pang'ono pang'ono m'mawa uli wonse. Amene ali ndi ng'ombe ang'ambe mizere ndi ripa m'malo motembenuza munda wonse. Phindu lace lalikuru ndi lakuti mvula yeniyeni yoyamba ikupezani mwakonzeka, manyowa ali kale m'dzenje, pamene mnzanu ali kufunafuna ng'ombe zobwereka.

Za mitengo ndinena za umodzi wokha, msangu. Mtengo uwu uli ndi khalidwe lodabwitsa: uyoyola masamba nthawi ya mvula, pamene cimanga cifuna dzuwa, nuphukanso m'cirimwe. Masamba acewo ndi feteleza wosagula, ndipo nyemba zace ziweto zidya nthawi imene msipu watha. Bzalani mamita khumi kutalikirana, ndiyo mitengo 100 pa hekitala. Ucedwa kukula, inde. Wobzala lero adzayamba kuona kusintha patapita zaka zingapo. Wosafuna kudikira ayambe ndi gliricidia, amene akula msanga napatsanso nkhuni. Ndipo m'mbali mwa mtsinje nkhwangwa isafikeko konse; pamenepa mafumu ali ndi mphamvu kuposa ife a Boma.

Cotsiriza ndi mbeu. Cimanga tiri naco cikondi, koma ndico coyamba kufota. Musaike munda wonse pa mtundu umodzi. Gawo lina bzalani cimanga cocha msanga, gawo lina mapira kapena mawere, amene agogo athu sanawasiye cifukwa anadziwa njala. Nyemba, nshawa, khobwe ndi nyamundolo zibwezera mphamvu m'nthaka mukazisinthanitsa ndi cimanga, ndipo kacigawo ka cinangwa ndi kandolo ndiyo nkhokwe imene anankafumbwe saifika. Mukakolola bwino, musagulitse zonse mu June mtengo uli pansi. Werengani matumba a banja kufikira March, otsalawo ndiwo apite kumsika.

Caka ciri conse, mvula isanayambe, a Dipatimenti yoona za nyengo alengeza pa wailesi m'mene aonera kuti mvula idzagwera. Si mau a mneneri, nthawi zina aphonya, koma mveranibe musanagule mbeu, makamaka akachula El Niño. Pamenepo pitani kwa mlangizi wa malimidwe wa m'dera lanu, mumfunse mtundu wa mbeu woyenera nthaka yanu, ndipo mumtengere kumunda komweko kuti akaone yekha, osati kungokambirana pansi pa mtengo wa mango.