MLANDU WA JOHN WILKES: MAU OKAMBIDWA PA MSONKHANO

Mwandipatsa malo kuti ndikambe za munthu wa ku Mangalande, dzina lace John Wilkes, amene anabvuta Mfumu George III ndi nduna zace zaka pafupifupi makumi awiri.

M'caka ca 1763 iyeyu analemba m'nyuzi yace, The North Briton, nambala 45, mau akutsutsa zimene Mfumu inalankhula m'Nyumba ya Malamulo. Nduna zinaturutsa kalata yogwirira anthu yopanda maina, ndipo amithenga anagwira ambiri, namtsekera Wilkes mu Tower of London. Woweruza Pratt anammasula popeza anali phungu, ndipo pambuyo pace mabwalo anati kalata zotere nzosalolekanso. Koma mu 1764 aphungu anamcotsa m'Nyumba, iye atathawira kale ku France.

Sindimyesa woyera mtima, iai. Anali wa ngongole zambiri ndi wa pakamwa ponyansa. Koma mlandu sutsata nkhope.

Atabwera mu 1768, anthu a ku Middlesex anamsankha akhale phungu wao. Osankhawo sanali anthu onse, koma amuna okhala ndi nthaka yopindula masiling'i 40 pa caka. Boma linamuika m'ndende, ndipo mu February 1769 Nyumba inamcotsanso. Anthu anamsankhanso katatu, iye ali m'ndende momwemo. Pa kusankha kotsiriza, mu April, anthu 1,143 anafuna Wilkes, ndipo 296 okha anafuna Henry Luttrell. Komabe Nyumba inapatsa mpando Luttrell.

Apa mpamene pagona nkhani, mafumu. Kodi mpando wa phungu ngwa yani, wa iwo omtuma, kapena wa anzace okhala naye m'Nyumba? Pakuti ngati aphungu angathe kukana wosankhidwa ndi kuikapo wolephera, ndiye kuti Nyumba idzisankha yokha, ndipo nduna zokhala ndi maudindo ogawira abwenzi zidzatonthoza ali yense wotsutsa. Ine ndiyesa kuti a ku Middlesex anaona bwino.

Mu 1774 anamsankhanso, ndipo tsono palibe anamletsa kukhala. Caka comweco anakhalanso Lord Mayor wa London. Mu 1782 Nyumba inalamula kuti ciweruzo ca 1769 cifafanizidwe m'mabuku ace, patapita zaka 13.