Phula ndi Asphalt: Maphunziro kwa Ogula Zomangira ku Kapata

Cholinga cha maphunziro amene mlangizi wa zomangamanga anabweretsa kumsonkhano wa komiti ya chitukuko ku Kapata, mumzinda wa Chipata, chinali chimodzi: mvula ya mu Novembala isanagwe, gulu lililonse lofuna kukonza bwalo la tchalitchi, la sukulu kapena kamsewu ka m'komboni lisiye kugwirizana ndi kontirakitala za "tala" pakamwa chabe, koma lizilandira pepala la mitengo lotchula chinthu chogulidwacho, giredi yake ndi kuchindikala kwake. Atapereka ulemu kwa a khansala, amayi ndi abambo, mlangiziyo anafunsa mmene anthu amagulira zinthuzi, ndipo atamva mayankho awiri okha anapitiriza.

Phula, limene pamapepala limalembedwa bitumen, ndi chinthu chakuda chomata chimene chimatsala pansi mafuta okumbidwa akayengedwa n'kuchotsamo petulo, palafini ndi dizilo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya guluu. Asphalt ndi msanganizo wa miyala yoswedwa ya ku kwale, mchenga, fumbi la miyala ndi phulalo, ndipo pa makilogalamu 100 alionse phula limakhalamo pafupifupi 5 kapena 6 okha, moti chimene chimanyamula kulemera kwa lole ndi miyala yolumana bwino. Denga la malata limamangidwa ndi misomali, koma wogula misomali sanagule denga. Momwemonso wogula diramu la phula sanagule msewu. Chisokonezo chimakula chifukwa ku America mawu akuti asphalt amatanthauzanso phula lenilenilo, pamene tala weniweni ndi wochokera ku malasha, ndipo anasiyidwa pa misewu chifukwa utsi wake ungayambitse khansa.

Magulidwe ake amasiyananso. Phula limagulitsidwa pa diramu kapena pa tani, ndipo manambala onga 60/70 kapena 80/100 amasonyeza kuya kumene singano yoyesera imalowa m'phulalo pa masekondi 5 likakhala pa madigiri 25. Nambala yaing'ono ikutanthauza phula lolimba, limene silifewa msanga padzuwa la mu Okutobala. Asphalt amagulidwa pa tani kapena pa mita ya mbali zonse, amasanganizidwa m'makina pa madigiri 150 mpaka 170, ndipo ayenera kuyalidwa ndi kupsinjidwa ndi rola asanazizire. Tani imodzi yoyalidwa mamilimita 40 imakuta pafupifupi mamita 10 a mbali zonse, ndipo chiwerengero chimenechi mlangizi anachibwereza katatu, chifukwa komiti yochisunga ikhoza kuwerenga malole n'kudziwa ngati yaberedwa pa kuchindikala. Pali njira yachitatu yotsika mtengo, yowaza phula n'kumwazapo timiyala, imene ndi yabwino pa misewu ya magalimoto ochepa, koma siyenera kulipiridwa pamtengo wa asphalt.

Atafika pa zolephera zakale, mawu a mlangizi anakula. Anthu a ku Chipata amaudziwa msewu wa Great East, umene gawo lake lochokera pa mlatho wa Luangwa kufika pa chipata cha Mwami linamangidwanso ndi thandizo la European Union ndi mabanki akunja, moyang'aniridwa ndi Road Development Agency, ndipo amadziwanso timisewu ndi mabwalo amene anaoneka akuda bii tsiku lowatsegula koma mvula yachiwiri inawasenda ngati khungwa. Kusiyana kwake kuli pansi. Dothi losatsenderedwa limatitimira, phula loyamba lopyapyala lotchedwa MC-30 likapanda kuwazidwa msanganizo sugwira, ndipo madzi otsika m'mapiri ozungulira mzindawu, monga la Kanjala, akasowa ngalande amalowa m'ming'alu n'kulekanitsa phula ndi mwala. Ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi mu 2022, ndipo n'zopweteka kuona ndalama zotere, kapena zopereka za akhristu, zikukokoloka chifukwa cha mawu amodzi osalembedwa. Komanso kuyambira pamene fakitale ya Indeni ku Ndola inasiya kuyenga mafuta, phula limachokera kunja, choncho mtengo wake umayenda ndi dola, ndipo kontirakitala wosakhulupirika amapeza phindu polichepetsa.

Apa bambo wina wamalonda a zitsulo pamsika wa Kapata anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Alangizi, zimenezo n'za boma, ife diramu timalisungunula ndi nkhuni, n'kuthiramo dizilo ndi mchenga, ndipo maenje amatsekeka." Anthu ambiri anavomereza, ndipo nthawi yotsalayo inathera pamenepo. Mlangizi anayankha mwaulemu kuti bambowo akunena zoona pa mfundo imodzi, yakuti palibe makina amene angayatsidwe chifukwa cha bwalo laling'ono, koma anafotokoza kuti moto wa nkhuni umapsereza phula la pansi pa diramu mpaka liume n'kumasweka ngati galasi, dizilo amalifewetsa moti limamatirira kumatayala, ndipo madzi pang'ono akagwera m'phula lotentha limafufuma n'kuwawula anthu oyandikira. Chigamba chotere chimatseka dzenje m'maso okha.

Bamboyo atafunsanso chimene osauka angachite, mlangizi anatchula emulsion, ndiye kuti phula losungunulidwa m'madzi limene limagwira ntchito losatenthetsa, loyenera kumata maenje amene adulidwa m'mbali mowongoka, kusesedwa ndi kutsenderedwa. Pa mabwalo ndi njira za m'misika anayamikira njerwa za simenti zoyala, zimene boma linalimbikitsa pa pulogalamu ya Pave Zambia 2000, popeza achinyamata a m'komboni akhoza kuziyala ndi manja, ndipo paipi ya madzi ikaphulika zimazulidwa n'kubwezeretsedwa. Nkhani ya pepala la mitengo inabwereranso kumapeto mwachangu: komiti ione satifiketi ya National Council for Construction ya kontirakitala, ndipo mlembi abweretse mapepala onse a mitengo pamsonkhano wotsatira, ndalama iliyonse isanatuluke.