Mbiri Yakale: Boma la Chitaganya, 1953 mpaka 1963

 Lero tiphunzira za boma limene linapanganidwa pafupi ndi Livingstone, ndipo linathetsedwanso pomwepo.

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itatha mu 1945, Azungu a mu Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anafuna boma limodzi lamphamvu. Mu 1949 atsogoleri awo, Godfrey Huggins ndi Roy Welensky, anachita msonkhano ku Victoria Falls, tsidya lija la Zambezi, osaitana munthu wakuda ngakhale mmodzi. Anthu akuda anakana ganizolo, kotero kuti mu 1953 Harry Nkumbula anatentha chikalata chake pamaso pa khamu ku Lusaka. Komabe chaka chomwecho Britain analumikiza maiko awiriwa ndi Nyasaland. Ichi ndicho Chitaganya. Likulu lake linali Salisbury, mzinda umene lero tiutcha Harare.

Tsono mvetsetsani mmene ntchito zinagawidwira. Boma la Chitaganya linatenga asilikali, njanji, positi, zipatala, msonkho waukulu ndi sukulu za ana a Azungu. Sukulu za ana akuda zinasiyidwa m'manja mwa boma la dziko lililonse. Ndiye kuti m'tauni imodzi ya Livingstone, ana anaphunzitsidwa ndi maboma awiri, malinga ndi khungu lawo. Msonkho wa mkuwa wa ku Copperbelt unapita ku Salisbury, ndipo ndalama zambiri zinatukula Southern Rhodesia.

Kodi anthu akanadandaula kwa yani? M'nyumba ya malamulo yoyamba ya Chitaganya munali aphungu 35, koma akuda anali 6 okha.

Ntchito yaikulu koposa ya bomali inali damu la Kariba, lomangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959. Linapereka magetsi ku migodi ndi kumizinda, ndipo likugwirabe ntchito. Koma makina oyamba opangira magetsiwo anaikidwa tsidya la Southern Rhodesia, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Mu 1958 apolisi anapha anthu 8 a ku Gwembe amene anakana kusamuka.

Kenneth Kaunda kuno ndi Dr Kamuzu Banda ku Nyasaland anatsogolera anthu kukana Chitaganya. Pakati pa 1963 msonkhano wina ku Victoria Falls unakonza za kugawa chuma ndi ngongole zake, ndipo pa 31 Disembala chinatha. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964.

Ana inu, kumbukirani kuti boma lingathe kumanga zazikulu, koma likapanda kufunsa eni dziko silikhalitsa.

Aziphunzitsi, jambulani mapu a maiko atatuwa pabolodi, ndipo ana asonyeze Livingstone, Kariba ndi Salisbury. Kenaka akafunse agogo awo zimene akumbukira za masiku a Welensky. Tsalani bwino.