NSANZA ZA EBEDI-MELEKI

Moni wapadera upite kwa abale athu amene ali ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba, ku Mzuzu ndi m'ndende zina zonse za dziko lino. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwaunjikana pa kawailesi kamodzi. Lero uthengawu ukukhudza inu, koma amene ndikufuna kulimbana nawo ndi ife amene tili kunja kuno.

Amene muli ndi Baibulo tsegulani Yeremiya mutu 38, ndime 7 mpaka 13. Mukawerenge bwino kunyumba, ine ndingokufotokozerani nkhani yake.

Mzinda wa Yerusalemu unali utazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo. Wolowa panalibe, wotuluka panalibe, chakudya chinali kutha. Mneneri Yeremiya anali kale m'manja mwa alonda, ndipo mutu 37 ukutiuza kuti ankalandira mkate umodzi patsiku. Umodzi basi. Kenaka akuluakulu a boma, atatopa ndi uthenga wake, anamutenga n'kumutsitsira m'chitsime chopanda madzi, chamatope okhaokha, mneneri n'kuyamba kumira. Mzinda wonse aliyense anali kulira njala yake. Ndani akanaganiza za mkaidi? Koma panali munthu mmodzi, wantchito wa kunyumba ya mfumu, Mkusi, munthu wa kuno ku Africa, dzina lake Ebedi-Meleki. Iyeyu atamva, mtima sunamulole kukhala pansi.

Abale anga, chaka cha 2020 nafenso tinazingidwa. Kuyambira pa 2 April pamene analengeza kuti matenda a korona alowa m'Malawi, moyo unasintha. Sukulu zinatsekedwa mwezi wa March. Anatiuza kuti tisambe m'manja ndi sopo pafupipafupi, tivale masiki, titalikirane. Pamene boma linachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana m'tchalitchi, ife abusa tinayankhula mokweza, ndipo inenso ndinali m'gulu la odandaulawo, sindikubisa. Koma Mzimu wa Mulungu anandifunsa usiku wina: iwe ukudandaula kuti mabenchi ako ali opanda anthu, nanga amene apanikizana m'chipinda chimodzi osatha n'kutembenuka komwe, wawayankhulira ndani?

Tamverani. Ndende zathu zinamangidwa kuti zisunge anthu pafupifupi 7,000, koma mu 2020 m'menemo munali anthu owirikiza kawiri chiwerengero chimenecho. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, nthawi ya atsamunda, agogo athu ali ana. Amene munalowako mukudziwa chimene akaidi amachitcha shamba. Malo ogona akatha, anthu amakhala pansi m'mizere, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wakutsogolo, kuyambira madzulo pamene atsekeredwa mpaka kucha. Tsono munthu ameneyo mukamuuze kuti atalikirane ndi mnzake ndi mita imodzi. Atalikira kuti? Wina akatsokomola pakona, mpweya womwewo aupuma onse. Chifuwa chachikulu chinali kale m'menemo, mphere zinali kale m'menemo, korona anangopeza chitseko chotsegula. Ndipo analowadi, munamva nokha pa nkhani kuti akaidi ndi asilikali a ndende anapezeka nawo matendawa.

Chakudya ndi kamodzi patsiku, ngati Yeremiya uja: nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Si ine ndayamba kunena zimenezi. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse. Tawerengani zala, pofika 2020 panali patapita zaka 11.

Chimene chimawathandiza akaidi ambiri ndi abale obwera kudzawaona. Kambale ka nsima ndi usipa, kasopo, kashuga, mchere pang'ono. Mliri utabwera, kuona akaidi kunaimitsidwa. Cholinga chake sindikuchitsutsa ayi, ankafuna kutchinga matenda. Koma taonani chimene chinatsekedwa pamodzi ndi geti lija.

Mumpingo mwathu muli mayi wina wamasiye, wogulitsa tomato. Mwana wake ali pa rimandi pa ndende ina, sinditchula. Mayiyu anazolowera Loweruka lililonse kuphika, kumanga pansalu, kukwera minibasi. Tsiku lina anabwera kwathu dzuwa likulowa, kambale kali m'manja. Anati, "Abusa, andibweza. Ngakhale nkhope yake yokha sindinaione. Kaya ali moyo, kaya akutsokomola, ine sindikudziwa." Ndinamupempherera, inde. Koma atachoka, mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, pemphero lamveka. Nanga sopo?" Ndinasowa choyankha, ine wa satifiketi ya sukulu ya Baibulo.

Ndikudziwa wina akuti, "Abusa, amenewo anapalamula okha. Anatibera mbuzi, anatithyolera nyumba." Ndikukumvani, ndipo sindikuchepetsa ululu wanu. Inenso anandiberapo njinga, ndinayenda wapansi miyezi ingapo ndili wokwiya. Tchimo ndi tchimo, ndipo boma lili ndi mphamvu yolanga. Koma choyamba, si onse ali m'menemo amene khoti linawapeza olakwa. Alipo ambiri a pa rimandi, akudikira mlandu, ena anangolephera kupeza ndalama ya belo kapena mboni yowaimira. Yosefe anali m'ndende, analakwanji? Paulo ndi Sila? Chachiwiri, ngakhale wolakwayo, woweruza anamupatsa zaka ziwiri kapena zitatu. Sanamulembere njala. Sanamulembere kufa ndi chifuwa. Wakuba nkhuku akafera m'ndende chifukwa chosowa mpweya, chilango chimenecho wachigamula ndani? Ndipo musaiwale, msilikali wa ndende akaweruka amakwera minibasi yomwe mukwera inu, mkazi wake amagula pamsika womwewo, Lamulungu amakhala nanu benchi imodzi. Matenda sadziwa mpanda.

Mwezi wa August 2020 Pulezidenti Chakwera anakhululukira akaidi 499 pofuna kuchepetsa kuthithikana. Tiyamike, ndi chinthu chabwino. Koma pa anthu zikwi zonse zija, kuli ngati kutunga kapu imodzi mumgolo. Komanso amene atulukawo abwera m'midzi mwathu. Akalowa m'tchalitchi, amayi mudzakumbatira zikwama zanu, kapena mudzawasunthira kuti akhale?

Tibwerere kwa Ebedi-Meleki. Choyamba anapita kwa mfumu Zedekiya, pa Chipata cha Benjamini, pagulu, n'kuiuza mosapsatira kuti zimene achitira mneneri n'zoipa, afa ndi njala m'dzenjemo. Wantchito wamba, mlendo, kutsutsa nduna za mfumu! Mfumu inamulola kuti atenge anthu akamutulutse. Tsono apa ndi pamene pamandigwetsa misozi. Sanathamangire kuchitsime ndi zingwe zokha. Anayamba wadzera kosungira katundu, n'kutola nsanza, zovala zakutha zimene aliyense anazitaya. Anazitsitsira kwa Yeremiya kuti aziike m'khwapa, zingwe zisamucheke. Munthu wowonda ndi njala, khungu lake silichedwa kung'ambika. Ebedi-Meleki anaganizira mpaka m'khwapa mwa mkaidi. Aleluya!

Ndipo onani, Yeremiya atatuluka m'matope sanapite kwawo. Anakhalabe m'bwalo la alonda, mkaidi ndithu. Ebedi-Meleki analibe mphamvu yomumasula, monganso ife tilibe makiyi a Maula. Koma nsanza anali nazo. Mukawerenga mutu 39 kumapeto mupeza kuti Mulungu anamutumizira uthenga wakewake, kuti mzinda ukadzagwa iye adzapulumuka.

Choncho tichite chonchi. Lamulungu likubwerali aliyense abwere ndi sopo mmodzi. Amene mungathe, onjezani shuga, mchere, soya, bulangete limene simukufunda, juzi imene yakuchepani, koma yochapa, musatibweretsere zonunkha. Amayi a chigwirizano amene muli ndi makina, sokani masiki a nsalu; musaiwale kuti kulinso amayi m'ndende, ena ali ndi ana oyamwa, akusowa zitenje ndi zofunika za amayi. Ife tikayankhula ndi akuluakulu a ndende ndi abusa a kumeneko kuti atiuze zimene amalola, tikasiya pageti. Inu amene muli ndi mbale kumeneko ndipo mwakhala mukuchita manyazi kutchula, bwerani mudzationa, palibe akusekeni. Ndipo inu okhulupirira amene mumagwira ntchito kukhoti, kupolisi, kuofesi ya phungu, pali fayilo ya munthu wa pa rimandi imene yagona patebulo panu. Mawa m'mawa muitsegule.

Mbale wanga amene uli pa shamba usiku uno, ika dzanja pachifuwa, tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, tikudzudzula mliri uwu m'zipinda zonse za ndende. Chiritsani otsokomola, limbitsani asilikali owayang'anira, tonthozani mayi amene anabwerera ndi kambale kake. Perekani tulo kwa iye amene wakhala tsonga. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.