Kusamala ndi Kukonza Zokuzira Mawu

Lero tikambirane za ntchito imene timaiona kawirikawiri koma sitiilabadira. Ntchitoyi ndi yosamala ndi kukonza zipangizo zokuzira mawu ndi zoonetsera kanema pamsonkhano.

Akuluakulu mukukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 galimoto za boma zinkafika m'midzi madzulo kudzaonetsa kanema. Nthawi imeneyo zipangizo zotere zinali zosowa. Lero zili ponseponse. Kutchalitchi zilipo, kumzikiti zilipo. Paukwati, pachinkhoswe, pamaliro ndi pamsonkhano wachitukuko timazifunanso.

Koma zipangizo zikachuluka, zowonongeka nazo zimachuluka. Taganizani, perekaniperekani ili mkati, mawu n'kuzima. Anthu asiya kuvina ndi kufupa. Eni ukwati ataya ndalama. Mwini zipangizo achita manyazi, ndipo mwina sadzaitanidwanso. Pamenepo pamafunika munthu mmodzi wodziwa pogwira. Munthu ameneyo mukhoza kukhala inu, kaya ndinu bambo kaya ndinu mayi.

Mfundo yaikulu imene ndikufuna mupite nayo ndi iyi. Zovuta zambiri sizikhala mkati mwa makina ayi. Zimakhala pa waya, pa pulagi, pa batire ndi pa fumbi. Munthu wodekha, wotha kuwerenga zolembedwa pa makina, akhoza kuzipeza ndi kuzikonza.

Njira imene mawu amayenda

Mawu amayenda ngati madzi mu ngalande ya kudimba. Amayambira pa maikolofoni. Kuchoka apo amadzera mu waya n'kukalowa mu mikisa. Mikisa ndi bokosi lija la timabatani tambiri, lokwezera ndi kutsitsira mawu a munthu aliyense payekha. Kuchoka mu mikisa mawu amalowa mu ampulifaya, imene imawapatsa mphamvu. Pomaliza amatulukira mu sipika. Makina ena ali ndi mikisa ndi ampulifaya m'bokosi limodzi, koma njira yake ndi yomweyo.

Madzi akaleka kufika pa bedi la ndiwo, kodi mumakumba ngalande yonse? Iyayi. Mumayenda m'mbali mwake kufuna pamene patsekeka. Ndi mawu chitaninso chimodzimodzi.

Werengani zolembedwa pa makina

Inu mwaphunzira kuwerenga, ndipo pa ntchito iyi kuwerenga ndi chida choyamba. Pa makina pamalembedwa mawu ochepa a Chingerezi. Awa ndi ofunika kuwaloweza. ON ndi kuyatsa, OFF ndi kuzimitsa. INPUT ndi polowera mawu, OUTPUT ndi potulukira. MUTE ndi kabatani kotsekera mawu. Nthawi zambiri anthu amati maikolofoni yafa, chonsecho wina wadina MUTE mosadziwa.

Kumbuyo kwa makina kumakhala manambala. Chilembo V chimaimira mavoti. Magetsi a ESCOM kuno kwathu ndi a mavoti 230. Makina ena ochokera ku America amalembedwa 110V kapena 120V basi. Oterewa mukawalowetsa pa magetsi athu amapsa. Choncho makina alionse achilendo, yambani mwawerenga kumbuyo kwake musanawayatse.

Pa sipika pamalembedwa 8 kapena 4, pambali pake pali kachizindikiro konga chibangili chotseguka pansi. Amenewo ndi ma ohm. Mukalumikiza masipika awiri a 8 pa waya mmodzi, sipika ina kutengera pa inzake, onse pamodzi amakhala 4. Mukawonjezera yachitatu, nambala imatsika kupitirira 3. Ngati ampulifaya yanu inalembedwa 4, katunduyo waikulira. Idzatentha, idzazima, mwinanso idzapsa. Musalole kuti anthu akukakamizeni kuwonjezera masipika chifukwa chofuna phokoso.

Moyo choyamba

Magetsi amapha, ndipo sachenjeza. Tsatirani malamulo awa masiku onse.

Musanatsegule makina alionse, zulani pulagi pa soketi. Kuzimitsa pa batani kokha sikukwanira. Dziwaninso kuti mkati mwa ampulifaya muli timigolo totchedwa makapasita. Timeneti timasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Ngati simunaphunzitsidwe ndi mmisiri, mkatimo musapisemo dzanja.

Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Mkati mwake waya wa bulauni ndiye wa moto, wa buluu ndi wobwezera, ndipo wobiriwira ndi chikasu ndi wa efi. Mawaya akale anali ofiira, akuda ndi obiriwira. Waya wa efi ndi amene amapulumutsa munthu magetsi akathawira ku chitsulo cha makina. Musaudule. Musazike mawaya opanda pulagi mu soketi n'kutsekera ndi timitengo. Woimba akati maikolofoni yamugwira pamlomo, zimitsani zonse nthawi yomweyo. Pamenepo pali ngozi ya imfa, si zoseka ayi.

Mu pulagi mulinso fyuzi. Fyuzi ili ngati mlonda. Imalolera kupsa kuti makina apulumuke. Pa fyuzi pamalembedwa 3A, 5A kapena 13A. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Musamange waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwake. Fyuzi yatsopano ikangopsanso, ndiye kuti vuto lili mkati. Pitani nawo makinawo kwa mmisiri wamkulu.

Manja onyowa ndi magetsi sizigwirizana. Mvula ikayamba, zimitsani ndi kufunditsa zonse.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Fikani pamalo msanga, anthu asanasonkhane. Lumikizani zonse makina ali ozima ndipo mawu ali otsitsa. Poyatsa, yambani ndi mikisa, ampulifaya ikhale yomalizira. Pozimitsa, yambani ndi ampulifaya. Mukasemphanitsa, sipika imalira kuti "phu!" ndipo kulira kumeneko kumaiwononga.

Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ilizeni kaye payokha mpaka ikhazikike, kenako lumikizani makina. Musadikire kuti mafuta athe makina ali oyaka. Musathire petulo jenereta ikulira. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya woipa umene umapha anthu m'nyumba. Waya wautali wokulunga pa gudumu muutambasule wonse, chifukwa ukakhala wokulunga umatentha. Magetsi a ESCOM akathima, zimitsani makina. Akabwera, dikirani pang'ono musanayatsenso.

Kufuna pamene pavuta

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu akazima, musathamangire sikuludiraiva. Yendani motere.

Choyamba, onani ngati timagetsi ta pa makina tikuyaka. Ngati sitikuyaka, vuto ndi magetsi, pulagi kapena fyuzi.

Chachiwiri, onani mabatani. Kodi wina sanatsitse mawu kapena kudina MUTE?

Chachitatu, sinthani waya wa maikolofoni, muikepo wina amene mukudziwa kuti ndi wabwino. Waya ndiye amafa kawirikawiri, chifukwa amapondedwa ndi kukokedwa. Amakonda kudukira pafupi ndi pulagi yake.

Chachinayi, sinthani maikolofoni. Ngati ndi yopanda waya, yambani ndi mabatire.

Chachisanu, yesani sipika ina.

Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu pamodzi, mawu akhoza kubwera, koma simudzadziwa chimene chinafa.

Phokoso nalonso limatiuza matenda. Mukamva kulira kobaya m'makutu kuti "tswii", ndiye kuti maikolofoni ikumva mawu a sipika n'kuwabwezanso. Tsitsani mawu, ndipo masipika akhale kutsogolo kwa wolankhula, ataloza kwa anthu. Wolankhula asafumbate mutu wa maikolofoni, ndipo aiyandikize pakamwa. Mukamva kung'ung'uza kosalekeza, onani efi, ndiponso musayendetse waya wa maikolofoni mogundana ndi waya wa magetsi. Mukamva kuthetheka potembenuza batani, limenelo ndi fumbi. Pali mankhwala opopera otsukira mabatani. Musathiremo madzi kapena mafuta ophikira. Kagetsi kofiira kolembedwa CLIP kapena PEAK kakamayaka kosalekeza, mwakweza mopyola muyeso. Tsitsani, sipika isanapse.

Samalaninso makutu anu. Phokoso lopitirira madesibelo 85, mukakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku, limawononga makutu. Ngati mukuchita kufuula kuti mnzanu amene mwayandikana naye akumveni, phokosolo lakula. Khutu likafa ndi phokoso silichira.

Zida za mmisiri

Poyamba simusowa zida zambiri. Pezani masikuludiraiva awiri, ya mpeni ndi ya nyenyezi, kachida kodulira waya, tepi yakuda, tochi ndi kaburashi kofewa. Mukapeza ndalama, gulani mita yoyezera magetsi ndi chitsulo chowotcherera mawaya pamodzi ndi mtovu wake.

Mita imakuuzani ngati waya ndi wamoyo. Gunditsani nsonga imodzi uku, ina uko. Ikalira, waya ndi wabwino. Ikakhala chete, waduka. Waya wa maikolofoni uli ndi timano titatu tolembedwa 1, 2 ndi 3. Powotcherera, 1 apite pa 1, 2 pa 2, ndipo 3 pa 3. Musanachotse waya wakale, jambulani m'kope mmene unalili. Utsi wowotcherera si wabwino, choncho gwirani ntchito pamalo popita mphepo, ndipo sambani m'manja musanadye.

Sipika yaikulu mukhoza kuiyesa ndi batire laling'ono la mavoti 1.5. Ichotseni kaye ku ampulifaya. Gunditsani mawaya ake pa batirelo mwachangu. Ikalira kuti "tho", ndi yamoyo.

Makina oonetsera kanema

Pulojekita imadana ndi fumbi ndi kutentha. Musatseke timazenera take ta mphepo ndi nsalu kapena mabuku. Ambiri mwa makina amenewa ali ndi kasefa kogwira fumbi. Muzikachotsa ndi kukakuntha kawirikawiri, makamaka m'miyezi ya fumbi ya September ndi October. Kanema akatha, zimitsani pa batani n'kudikira kuti fani yamkati ileke kulira. Mukazula pulagi msanga, babu limakhala lotentha ndipo silikhalitsa. Galasi lakutsogolo musaligwire ndi zala. Lipukuteni ndi kansalu kofewa ndi kouma. Chithunzi chikapanda kubwera, chitani monga munachitira ndi mawu: magetsi, mabatani, kenako waya.

Msonkhano ukatha

Ntchito siitha pamene anthu abalalika. Pozula, gwirani pulagi, osakoka waya. Kulungani waya mozungulira bwinobwino, osamangirira pa chigongono, chifukwa umapotokera mkati. Chotsani mabatire mu maikolofoni, popeza akakhalitsa amachucha n'kudya zitsulo. Pukutani fumbi. Sungani zonse pamalo ouma, pamwamba, kumene makoswe ndi mphemvu safika. Ponyamula pa njinga kapena pa galimoto, yalani bulangeti pansi kuti makina asagundike. Waya amene wavuta lero, mumangeni kansalu kofiira kuti asasakanizike ndi abwino, ndipo mumukonze mawa lomwe.

Khalaninso ndi kope. Lembani tsiku, malo, zimene mwanyamula, zimene zavuta ndi ndalama zimene mwalandira. Kopelo lidzakukumbutsani vuto lobwerezabwereza. Lidzakutetezaninso pa milandu, wina akati munataya maikolofoni yake.

Kophunzira ntchitoyi

Ambiri amayamba ndi kunyamula masipika ndi kukulunga mawaya kutchalitchi kapena m'gulu la oimba. Musainyoze ntchito imeneyi, ndiye sukulu yoyamba. Funani mmisiri wokonza mawailesi pamsika wanu, mumupemphe kuti muzimuthandiza. Yang'anani manja ake ndipo muzifunsa. Paja safunsa anadya phula. Yesererani pa wailesi yakufa, osati pa ampulifaya ya mpingo.

Amene mukufuna satifiketi, kafunseni ku bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'Malawi muno. Kulinso sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima ndi Mzuzu. Kafunseni kumeneko za maphunziro a zamagetsi.

Pomaliza, khalani okhulupirika. Chinthu chikakukulirani, nenani poyera kuti ichi sindingathe, n'kulozera mwini wake kwa wodziwa. Musatenge chitsulo chabwino m'makina a munthu n'kuikamo chakutha. Musatchule mtengo wa vuto lalikulu pamene mwangosintha fyuzi. Mbiri ya mmisiri imayenda mofulumira m'mudzi, yabwino ndi yoipa yomwe.

Sabata ino, pitani kumene kuli zokuzira mawu pafupi ndi kwanu. Pemphani chilolezo, muwerenge zolembedwa kumbuyo kwa makina, muzilembe m'kope. Tsatirani waya ndi chala kuchokera pa maikolofoni mpaka pa sipika. Mukatero ndiye kuti mwayamba kuphunzira.

Mafunso okambirana

1. Tchulani malo amene mawu amadutsa kuchokera pa maikolofoni mpaka pa sipika.

2. Poyatsa makina, kodi chomalizira ndi chiti? Nanga pozimitsa timayamba ndi chiti?

3. N'chifukwa chiyani sitiyenera kumanga waya m'malo mwa fyuzi?

4. Kodi kope lingamuthandize bwanji mmisiri?