Za m'mbale Loweruka likubwerali

  Ndaona kuti ndikati ndilembe zala zitopa, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Ndilankhula motalikirapo pang'ono, amene muli pantchito mudzamvera mukaweruka.

Nkhani yake ndi ya nkhumano yathu ya mwezi ndi mwezi. Mwaona nokha kuti masiku ano tikafunsa kuti ulendo uno tikumana kwa ndani, pagulu pamangoti zii. Wina akuti chipinda n'chaching'ono, wina akuti ali pa shifiti. Zina n'zoona, koma tisabisane, chachikulu ndi manyazi a chakudya. Tinazolowetsana kuti wolandira gulu agule nyama yootcha yodzaza beseni, mabokosi a nkhuku ndi makireti a zakumwa. Munthu woti walipira lendi, watumiza ya fizi pa Mukuru, kumudzi akumuimbira za feteleza, zimenezo azitenga kuti? Ine zikundipweteka, chifukwa gulu lino sitinaliyambitsire mimba. Tinaliyambitsa kuti mnzathu akatisiya kuno ku Joni, thupi lake lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka likalowe pa Mwanza kapena pa Dedza, akagone pafupi ndi makolo ake. Tikasiya kukumana, zopereka zija zifa, ndipo tsiku la tsoka tidzayang'anana m'maso.

Ndiye pempho langa n'lakuti wolandira gulu azingopereka malo ndi madzi a tiyi. Enafe aliyense azibwera ndi bakuli lake la tinthu totola ndi zala. Akulu anati chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala. Ndikuuzeni zomwe zimatheka pa sitovu ya mapuleti awiri, m'chipinda chimodzi, popanda kukongola ndalama.

Ndiyambe ndi zitumbuwa, chifukwa ambiri mumandifunsa kuti bwanji zakuno sizikoma ngati za pa Lizulu kapena za pa geti ya sukulu. Vuto loyamba ndi nthochi. Zomwe timagula ku Shoprite kapena ku Boxer zimakhala zachikasu bwino, koma mkati zisanapse kwenikweni. Zisungeni m'pepala masiku angapo mpaka khungu lichite mawanga akuda, muzimva fungo mukangotsegula chitseko. Kapena pitani kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu madzulo, zija zafewa zomwe ena akuzikana amagulitsa motchipa, ndipo ndi zomwezo tikufuna. Vuto lachiwiri ndi ufa. Iwisa, Ace ndi White Star ndi ufa wosalala, wa nsima. Chitumbuwa chimafuna mgaiwa, chizimveka m'mano. Ngati mulibe mgaiwa wochokera kumudzi, gulani ufa wa misere uja amalemba kuti braaipap, musakanize theka ndi theka ndi wosalalawo.

Nthochi zinayi zazikulu muzikanye ndi foloko kapena ndi dzanja mpaka zikhale phala. Thirani kapu imodzi ya ufa pang'onopang'ono, kamchere, ndi soda wongotapa kunsonga ya kasupuni. Soda akachuluka chitumbuwa chimada ndipo chimanunkha sopo. Madzi musathire, nthochi ili nawo kale. Shuga ngati nthochi zapsa bwino safunika. Phalalo lilimbe moti mukaumba m'dzanja lisayenderere, ndipo mulisiye mphindi 10 kuti ufa umwe. Kenaka umbani timipira, tiphwatalaleni pang'ono, muike m'mafuta otentha koma osafuka utsi. Poyesa mafuta ponyanimo kachidutswa: kakamira n'kukhala pansi, sanatenthe, ndipo zitumbuwa zanu zimwa mafuta. Kakabwera pamwamba kakuchita thovu m'mbali, ayi mwakhoza. Moto ukhale wapakati, chifukwa shuga wa nthochi amapserera msanga kunja mkati muli muwisi. Ubwino wa zitumbuwa n'ngwakuti zikazizira sizitaya kukoma, ndiye achemwali a ku Diepsloot ndi a ku Tembisa mutha kukazinga m'mawa n'kukwera nazo tekisi popanda nkhawa.

Zigege ndiye n'zosiyana, zimafuna kudyedwa zamoto. Amene mwasankha zimenezi bwerani ndi mbatatesi zosendasenda kale, zili m'madzi kuti zisade, mudzakazingire komweko. Ziduleni mopyapyala, mozungulira. Fulawa kapu imodzi, mchere, kasupuni ka Rajah kuti zioneke zachikasu ngati za pa msika, ndi madzi ozizira mpaka zikhale ngati phala la mwana. Mbatatesizo muzipukute kaye ndi kansalu, chifukwa zikakhala zonyowa fulawa amasupuka m'mafuta. Viikani, ponyani m'chiwaya, basi. Anyamata, izi n'zanu, simunganene kuti simudziwa, pakuti ambiri a inu munakulira pa chiwaya ku Ndirande ndi ku Mchesi.

Tsopano zosunsira, chifukwa chigege chouma chimatsamwitsa. Ino ndi nyengo ya mapeyala kuno, ali mbwee pa ngodya iliyonse. Kwathu tinazolowera kulidya ndi supuni, ena kuwaza shuga, ena kupaka pa buledi. Yesani motere: mapeyala awiri akupsa muwakanye, mufinyiremo ndimu limodzi, mchere, anyezi wodula tinthu ting'onoting'ono, tomato mmodzi wochotsa njere kuti asachulutse madzi, ndi kambuzi mmodzi kapena awiri. Anyeziyo mumuviike kaye m'madzi ozizira pang'ono, ukali uja umachoka ndipo ana amadya. Ndimu ntchito yake si kukometsa kokha, limaletsa peyala kuda. Komabe musakonze m'mawa, bwerani nawo athunthu, ndi ntchito ya mphindi zochepa alendo atakhala kale pansi. Anzathu akuno amadya zonga zomwezi ndi tchipisi ta m'mapaketi, koma ine ndimati ndi zigege kapena chinangwa chokazinga ndiye zimagwirizana.

Za tsabola ndichenjezeretu. Kambuzi amanyenga ndi fungo lake lokoma, munthu amathira wambiri. Konzani mbale ziwiri, ina yopanda tsabola ya ana ndi amene ali ndi zilonda za m'mimba. Amene ali ndi botolo la Nali lochokera kumudzi abwere nalo liime pa tebulo, aliyense azidzithirira yekha. Eni ake analemba kale pa botolopo kuti abale samalani.

Chosunsira china n'cha chiponde. Kazingani anyezi ndi tomato mpaka zipse, sungunulani masupuni awiri a chiponde m'madzi ofunda, thirani, takasani pa moto wochepa mpaka mafuta ayambe kuoneka pamwamba. Sankhani chiponde chopanda shuga. Chimenechi n'cha mbatata yophika ndi chinangwa.

Pa chinangwa ndiimepo pang'ono, chifukwa apa pali za moyo. Ku msika wa Yeoville chimapezeka, china chachiwisi china cha mufiriji, koma simudziwa kuti ndi mtundu wanji. Kwathu manyokola timatafuna osaphika chifukwa timamudziwa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, n'chifukwa chake abale athu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amachiviika m'madzi masiku angapo asanapange kondowole. Ndiye chakunochi musapatse mwana chachiwisi. Sendani bwino, chotsani mtsitsi wapakati, wiritsani m'madzi ambiri poto ali wosavundikira mpaka chifewe, madziwo tayani. Mukalawa n'kumva kuwawa, musaumirire, tayani. Chikakhala chabwino, chiduleni timizere, chiume, mukazinge mpaka chifiire.

Amayi msungichuma, mtedza uja unabwera pa basi sabata yatha tiugwiritse ntchito. Sankhani kaye, wonyala, wakuda ndi wachuku mutaye, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi ndipo sichifa ndi moto. Wotsalawo muwaze madzi amchere, mukazinge pa chiwaya chouma mukutakasa mpaka mchere uyere pa khungu. Tiana tosakwana zaka zisanu tisapatsidwe mtedza wathunthu, timatsamwa. Mbuliwuli nazonso n'chimodzimodzi, ngakhale kwa ana okulirapo kapaketi kamodzi ka chimanga chake kamadzaza beseni.

Achimwene a ku Rosettenville ndikumva kale mukufunsa kuti nanga ya m'kamwa ili kuti. Ilipo. Nthutumba za nkhuku kuno amagulitsa m'mapaketi, motchipa. Kumudzi nkhuku ikaphedwa nthutumba imakhala imodzi, ya bambo kapena ya mlendo, enafe tinkangoiona ikudutsa. Kuno aliyense adya yake. Zitsukeni bwino, muchotse kakhungu kachikasu kaja, muwiritse ndi mchere, adyo ndi jinja mpaka zifewe, kenaka mukazinge ndi anyezi, mubaye pa timitengo totokosera m'mano. Koma chonde mugule ku butchala ya halaal, ku Mayfair ndi ku Fordsburg ziliko zambiri, kuti abale athu achisilamu adye ndi mtima umodzi. Nkhumba pa nkhumano ya gulu isabwere, ndi a Seventh Day omwe sadya. Soseji ndi poloni zomwe simukudziwa kuti muli chiyani, zisiyeni kunyumba.

Usipa wokazinga ndimaukonda, koma ganizirani wolandira gulu. Fungo lake limalowa m'makatani ndi m'khonde lonse, ndipo Lolemba eni nyumba adzamuitana iyeyo, ife titapita. Amene muli ndi bwalo kazingirani kwanu, muchotse mitu, mutsuke m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, mubwere nawo wokonzakonza ndi mandimu.

Chinanso, pakuti tonse tikhala tikukazinga m'zipinda zopanikiza m'nyengo yozizira ino. Mafuta akagwira moto musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga. Zimitsani sitovu, vundikirani ndi chivundikiro cha poto, chiwayacho osachinyamula. Chogwirira cha chiwaya chiloze kukhoma, ana asachifikire. Magetsi akazima ndipo mwayatsa mbaula, ikhale panja. Utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo, ndipo chaka chilichonse timamva maliro otere.

Zakumwa, tiyi akwana. Amene akufuna thobwa ayambe Lachinayi, chimera cha mapira cha King Korn chimagwira ntchito bwino. Poti nkhumano ino yayandikana ndi 6 Julayi, tsiku lomwe dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, zingakome ana obadwira kunowa atalawa zomwe makolo awo tinakulira, asamangodziwa magwinya okha.

Ndiye tichite chonchi. Pofika Lachitatu madzulo aliyense alembe pagulu pano chomwe abweretse, kuti tisapezeke tonse tanyamula zitumbuwa. Amene mwezi uno zinthu sizili bwino, musalembe kanthu ndipo palibe akufunseni, ingobwerani mudzatithandize kusenda ndi kutsuka mbale. Ine ndibweretsa mapeyala, mandimu ndi chiwaya changa chachikulu. A tcheya, tiuzeni nyumba ndi nthawi.